TV yalanda nyumba yanga, kodi ndingoigulitsa?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, ndalidula pang'ono koma nkhani yake ndi iyi: "Tili ndi ana atatu, woyamba ndi mnyamata, ali sitandade 8, wachiwiri ali ndi zaka 7, wamng'ono wangokwanitsa kumene zaka 2. Tikukhalanso ndi apongozi anga aakazi. Chigulireni dikoda chaka chatha TV pakhomo pano simazima, m'mawa makatuni, masana agogo ndi mtsikana wantchito ali pa mafilimu a ku Nigeria, madzulo bambo awo akafika akufuna nkhani kenako mpira. Nsima aliyense amadyera pa sofa mbale ili pamwendo. Wa sitandade 8 uja teremu yathayi watsika kwambiri, wamng'onoyu sakuyankhula bwinobwino, amangoloza chinthu nkumalira. Ndaganiza zongoigulitsa TV yo koma ndikuopa nkhondo. Nditani?"

Mayi, musaigulitse. Ndayambira pomwepo kuti mtima ukhale m'malo. Mukaigulitsa lero, Loweruka likubwerali bambo akunyumba akaonera mpira ku bala kapena kwa anzawo nkumabwera usiku, mnyamata wa sitandade 8 uja azikazembera ku vidiyo sho kapena kwa aneba komwe inu simungadziwe olo pang'ono kuti akuonera chani, apongozi akusungirani mangawa mpaka kalekale, ndipo zonse zomwe zimaoneka pa TV zija zingosamukira pa foni pomwe ndi povuta kwambiri kulondola. TV ya pabalaza ili ndi ubwino umodzi waukulu, aliyense amaona chomwe mnzake akuonera. Vuto la pakhomo panu mwalitchula nokha m'kalata mwanu muja, mwati simazima. Palibe amene amaiyatsa chifukwa choti pali pulogalamu yakuti yomwe akuifuna, imangoyaka m'mawa ngati mpopi woiwalika wotsegula, aliyense wodutsa amangotungapo, ndipo palibe amene akuona kuti ndi udindo wake kutseka.

Ndipo musadziimbe mlandu kwambiri. Ife makolo a lerofe ambiri tinakula opanda TV. Nthawi yonse ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema, TVM inayamba mu 1999, ndipo olo itayamba tchanelo chinali chimodzi chokhacho, nyumba zokhala ndi TV zinali zowerengeka moti ana timakasuzumira pawindo kwa aneba mpaka atithamangitse. Ndiye za kasamalidwe ka ufa, sopo, makala, amayi athu anatiphunzitsa, koma lamulo la TV palibe anatisiyira chifukwa iwonso analibe. Pano mwana akubadwira m'nyumba momwe muli MBC, Times, Zodiak, Mibawa, kuphatikiza matchanelo akunja a pa GOtv kapena DStv omwe makatuni ake satha usana ndi usiku. Lamulolo mukuyenera kulipanga ndinu, kuyambira pansi.

Ndiyambe ndi wamng'onoyo chifukwa pa zonse mwalembazi ndi amene wandidetsa nkhawa kwambiri, kuposa wa mayeso uja. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 okhudza ana osakwana zaka 5, ndipo linati mwana wosafika zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini nkomwe, kuyambira zaka 2 mpaka 4 isapitirire ola limodzi patsiku, ndipo ikachepera pamenepo nkwabwinonso. Anthu akamva izi amaganiza kuti nkhani ndi maso, ayi, nkhani yaikulu ndi pakamwa ndi m'makutu. Mwana amaphunzira kuyankhula mosinthana ndi munthu. Iye akuti "ma", inu mukuti "eee madzi, ukufuna madzi? nawa madzi, imwa", iye akuyang'ana pakamwa panu, akuyeseranso, inu mukuseka, chonchobe kambirimbiri patsiku. Katuni sichita zimenezo. Imayankhula yokha, mwachangu, m'Chingerezi, simudikira kuti ayankhe ndipo akalakwitsa simukonza. Makolo ambiri amandiuza monyadira kuti mwana wanga akuphunzira Chizungu pa makatuni, zoona atha kuloweza nyimbo kapena kuwerenga wanu thuu fili, koma kuloweza nyimbo ndi kupempha madzi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pa msinkhu wa zaka ziwiri chofunika ndi chachiwiricho.

Pali china chomwe anthu sachiona. Olo mwanayo asakuonera, akungosewera pansi TV ikulira filimu ya akuluakulu, akutayabe. Chifukwa chake nchoti agogo ndi mtsikana uja maso ali pa filimu, ndiye mawu omwe akanamuyankhula mwana amachepa kwambiri, akalira amangomupatsa chomwe akuloza kuti akhale chete asawasokoneze. Mwana yemwe akaloza amapatsidwa pompo alibe chifukwa chovutikira kutchula dzina la chinthucho. Mwati amangoloza nkumalira, ine ndikuona kuti mwina mbali ina yagona pamenepa.

Koma ndikuchenjezeni, musaikire TV mlandu wonse nkukhala pansi. Mwana wa zaka 2 nthawi zambiri amakhala akulumikiza mawu awiri, monga "mama bwera", "ndifuna phala" mwachibwana chake, ndipo amamva mukamutuma kanthu kakang'ono ngati katenge nsapato. Ngati wanuyo sakufika pamenepo, mukapita kusikelo musangomukweza pa sikelo nkubwerako, auzeni anamwino kapena alangizi a zaumoyo kuti mwanayu sakuyankhula ndipo mukufuna amuone m'makutu. Ana ena amachedwa chifukwa sakumva bwino, makamaka omwe amadwaladwala khutu lotuluka mafinya, ndipo zimenezo kuzimitsa TV sikungachize. Yeserani panokha kunyumba, muitaneni motsitsa mawu muli kumbuyo kwake TV itazima muone ngati acheuke. Wina akakuuzani kuti anyamata amachedwa basi kapena kuti mwamusokoneza ndi zilankhulo ziwiri, musatekeseke nazo, kumva Chichewa ndi Chingerezi kapena Chitumbuka pakhomo sikuchedwetsa mwana kuyankhula, ana a m'dziko muno ambiri akula choncho. Pitani akamuone basi, akanena kuti zili bwino mwapindula mtendere wamumtima.

Tsono masana inu kulibe, amene ali ndi mwana ndi mtsikana wantchito ndi agogo. Mtsikanayo musamukalipire, taganizani, amakhala mumpanda tsiku lonse, kuchapa, kukolopa, kuphika, kamwana kali pamsana, TV yo ndiye mnzake komanso ndi imene imamugwirira mwana kuti amalize ntchito inu musanafike. Mukangomuuza kuti usamayatse TV koma ntchito zikhale zomwezo, azivomera pamaso panu, mukatuluka pageti ayatsa. Khalani naye pansi mumuuze chifukwa chake, kuti mwanayu akuchedwa kuyankhula ndipo mankhwala ake ndi kumuyankhulitsa, pomusambitsa azimutchulira ichi ndi dzanja, uwu ndi mwendo, pochapa amupatse kabeseni kake aziviika kansanza, amuimbire nyimbo zomwe iye anaimbiridwa kwawo. Mumulole kuti mwana akagona masana aonere filimu yake momasuka, ndipo ngati tsiku lina mwapeza zovala sizinasitidwe koma mwana wacheza naye, musadandaule, mwagula chinthu chabwino.

Apongozi ndiye pofunika nzeru. Inu mtengwa musapite kukawauza kuti amayi muchepetse TV, olo mutanena mwaulemu bwanji zidzamveka ngati mukuwawerengera mayunitsi m'nyumba ya mwana wawo. Nkhaniyi iwafikire kudzera kwa mwana wawoyo, ndipo isafike ngati chiletso, ifike ngati pempho loti atithandize. Agogo amakonda kufunidwa. Muwauze kuti mdzukulu wawo akuchedwa pakamwa ndipo palibe angamutsegule kuposa iwo, ndipo ngati nkotheka tsiku lopita kusikelo muwatenge akamve okha kuchokera kwa anamwino. Munthu wamkulu yemwe anachoka kumudzi komwe amadzuka nkukhala ndi dimba, nkhuku, anzake a kumpingo ndi maliro oti akafikeko, kubwera mtauni kudzakhala mumpanda, TV imakhala chinthu chokhacho chomutayitsa nthawi. Mukawachotsera popanda kuwapatsa china mwawalanga. Kabedi ka mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba, olo m'matumba a simenti ngati malo palibe, gulu la amayi la pakati pa sabata kutchalitchi kwanu, mtedza woti asende, zoterezi zimawabwezera tsiku lawo. Filimu yawo ikhalepo ndithu, koma ikhale ndi nthawi yake.

Pa mafilimu omwewo, kumbukirani wa zaka 7 uja yemwe m'kalata mwanu simunamudandaule, paja mwana wapakati amaiwalika. Iyeyu amaweruka msanga, akafika amapeza filimu ili mkati, ndipo ambiri mwa mafilimu amenewa muli zaufiti, kuthirana mankhwala, kumenyana kwa banja, zachikondi za akuluakulu. Mwana wa msinkhu umenewu sanafike posiyanitsa bwinobwino sewero ndi zenizeni, ndiye mukaona wayamba kuopa kupita yekha kubafa usiku, kulota zoopsa, kapena kuyankhula mawu oti mukudabwa wawatenga kuti, yambani mwafufuza zomwe zimaoneka masana. Pa matchanelo akunja pulogalamu ikamayamba amaonetsa nambala pakona, 13, 16 kapena 18, imeneyo ndi zaka za woyenera kuonera, si zokongoletsa. M'dikoda mwanumo mulinso malo otsekera ndi PIN, mumasankha kuti chilichonse choposa zaka zakuti chizifunsa nambala kaye. Itcheni, koma musinthe nambala yomwe inabwera ndi dikodayo chifukwa wa sitandade 8 uja akuidziwa kale, ndipo musaike chaka chanu chobadwa, achita kuilota.

Tibwere kwa wa mayesoyo. Sitandade 8 si kalasi yamasewera, mayeso a MANEB aja ndi amene akanene ngati akupita ku sekondale ya boma yogonera konko kapena ku CDSS yapafupi kapena mukasaka ya pulaiveti ndi ndalama zanu, ndiye nkhawa yanu ndi yomveka. Koma ine ndikakumana ndi mwana wotsika mkalasi pakhomo pomwe TV simazima, choyamba kufunsa si maola omwe amawerenga, ndimafunsa kuti amagona nthawi yanji. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika tulo ta maola 9 mpaka 12, wa zaka 13 kupita mtsogolo maola 8 mpaka 10. Tsono taonani, mpira wa ku Ulaya wa Champions League kawirikawiri umaseweredwa Lachiwiri ndi Lachitatu, mkati mwa sabata ya sukulu, masewero akuluakulu amayamba 9 koloko usiku nthawi ya kuno, miyezi yomwe ku Ulaya kuli dzinja amayamba 10 koloko nkutha cha m'ma 12. Mwana yemweyo mawa lake akudzuka 5 koloko kuti akapeze makalasi a m'mawa omwe a sitandade 8 amakonda kukhala nawo. Olo mumuuze kagone, nyumba zathuzi zambiri siling'i mulibe kapena khoma ndi lopyapyala, chigoli chikalowa bambo akakuwa mwana ali maso pabedi akuwerengera. Mutu wosagona sugwira masamu, ndipo zomwe waphunzira masana zimakhazikika bwino m'mutu akagona mokwanira, ndiye kuwerenga mpaka usiku kenako nkugona maola asanu nkudzinamiza.

Chachiwiri, homuweki yolembera pabalaza TV ikuyaka si homuweki. Amati ine sindikuonera, nsana ndalozetsa ku TV, koma khutu lili komweko, mzere uliwonse akuwerenga kawiri. Ngati nyumba ili ndi chipinda choti angawerengeremo chokhala ndi getsi labwino, bola. Ngati malo ndi pabalaza pomwepo, ndiye palibe kuchitira mwina, TV izime ola limodzi kapena limodzi ndi theka madzulo aliwonse a sukulu, ndipo izimire aliyense, osati iye akulimbana ndi long division ena akuseka sewero pambali pake. Komanso pitani kusukulu mukacheze ndi aphunzitsi ake musanagamule kuti ndi TV yokha. Mwina wasintha anzake, mwina pali amene akumuvutitsa, mwina ali ndi kafoni komwe inu simukudziwa, mwinanso sakuona bwino pa bolodi. Apa ndionjezere, zija timawauza ana kuti ukayandikira TV ufa maso sizoona kwenikweni, koma mwana yemwe nthawi zonse amasendera kufupi kapena kutsinzinira kuti aone bwino akhoza kukhala kuti ali kale ndi vuto losaona patali, ameneyo akayezetse maso.

Bambo akunyumba tsopano, pomwe mukuopa nkhondo paja. Ndikuuzeni chinthu chomwe mwina simuchiyembekezera, pa anthu onse a m'nyumba mwanu bambowo ndi amene akuonera TV mwa njira yomwe ine ndimalimbikitsa. Amadziwa chomwe akufuna, chimayamba nthawi yakuti, mphindi 90 chatha. Cholakwika nchoti mpira ukatha rimoti simatsika m'manja, amapita pa zokambirana za mpira womwe wathawo, kenako zigoli za maligi ena, kenako nkhani zomwe amva kale, mpaka kugona pa sofa. Ndiye musalimbane ndi mpirawo, mudzaluza, ndipo kunena zoona mwamuna yemwe akuonera mpira pakhomo pake Loweruka masana ndi chinthu chomwe amayi ena akuchipempherera. Musayambitsenso nkhaniyi mpira uli mkati kapena timu yawo italuza, kapena pamaso pa ana ndi amayi awo. Pezani nthawi muli awiri, lipoti la kusukulu lili m'manja, muyambe ndi mwana osati TV. Bambo a ujeni, mwanayu mayeso ayandikira ndipo watsika, mng'ono wakeyu sakuyankhula, tithandizane bwanji? Abambo ambiri lamulo lomwe alipanga okha amaliteteza ngati mkango, lomwe auzidwa amaliphwanya tsiku lachiwiri, ndiye asiyeni ena mwa maganizowa atuluke pakamwa pawo olo munawakonza ndinu.

Ndipo musagwiritse ntchito mfundo ya magetsi, ambiri amathamangira imeneyo. TV yopyapyala ya mainchesi 32 imadya mawati pafupifupi 50, pomwe hotipuleti kapena ayironi imadya 1,000 kapena kuposa, ndiye mukati TV ikutha mayunitsi bambo wodziwa masamu akugonjetsani pompo ndipo mfundo yanu yeniyeni ifera pomwepo.

Zomwe mungagwirizane nzosavuta. Mpira wa wikendi ndi wawo, aonere ndi mnyamatayo, nthawi imeneyo ndi yabwino kwa bambo ndi mwana wamwamuna yemwe akulowa msinkhu wovuta, nkhani zambiri zomwe sangakambe maso ndi maso zimatuluka anthu akuyang'ana mpira. Wa mkati mwa sabata usiku aonere okha motsitsa voliyumu ana atagona, ndipo teremu ya mayeso mnyamatayo aziuzidwa zigoli m'mawa. Tsiku lina amutengeko ku bwalo, muli ku Lilongwe komwe kuli Bingu National Stadium, kuli Silver Strikers, Civil, Blue Eagles, ndipo Bullets kapena Wanderers akabwera tauni yonse imadziwa, mwana yemwe waonera mpira pabwalo amabwerako akufuna kukasewera, osati kukhala pa sofa. Chimodzi chokha muwapemphe bambowo asamale, zotsatsa za kubetcha zadzaza mu mpira masiku ano, ndipo mnyamata wa zaka 13 yemwe akuona bambo ake akuyang'ana tikiti pa foni chigoli chilichonse akuphunzira kuti mpira umakoma pokhapokha pali ndalama. Lamulo limaletsa osakwana zaka 18 kubetcha koma ana akutuma akuluakulu kuwabetchera, izi musazitenge mopepuka.

Pa nkhani ya nsima pamwendo, apa ndiye ndimaumirira. Chakudya chamadzulo TV izime, mafoni akhale patali, anthu akhale pamodzi kaya patebulo kaya pamphasa. Ndi mphindi 20 kapena 30 zokha. Nkhani za pa TV sizithawa, azipeza pa foni kapena pa wailesi m'mawa. Pakudya pamodzi mpomwe mumaona kuti wa zaka 7 sakudya bwino masiku ano, kuti wamkulu wakhala chete mosazolowereka, mpomwe wamng'ono amamva anthu asanu akuyankhulana Chichewa chenicheni nkumatolapo mawu, mpomwe agogo amafunsa za kusukulu nkuyamba nkhani za kumudzi. Mwana wodyera pa TV samva kuti wakhuta kapena ayi, ena amadya mopitirira ena amangotsina pang'ono nsima nkuzizira, ndipo kamwana kozolowera kudyetsedwa phala maso ali pa katuni kamafika poti popanda katuni sikatsegula pakamwa. Ngati pa zonse ndalembazi mungakwanitse chimodzi chokha mwezi uno, yambani ndi ichi, chifukwa sichilanda munthu aliyense pulogalamu yake ndiye chovuta kuchikana.

Kenako lamulo lalikulu lija, TV iziyatsidwa chifukwa cha pulogalamu, pulogalamuyo ikatha izime. Aliyense atchule zake, agogo filimu yawo, bambo mpira ndi nkhani, ana katuni imodzi kapena ziwiri akamaliza homuweki, inunso yanu, paja simunanene kuti inu mumaonera chani koma ndikukayika ngati palibe kasewero kamadzulo komwe simufuna kukaphonya. M'mawa wa tsiku la sukulu isayake nkomwe, makatuni a m'mawa ndi amene amachedwetsa ana kuvala ndi kumwa tiyi. Ana muziwachenjeza isanathe, ikatha iyi tikuzimitsa, osangofika nkuthimitsa pakati, olo munthu wamkulu zimamupweteka. Ndipo nthawi zina khalani nawo muonere limodzi, mufunse kuti ameneyu wachitiranji chonchi, iwe ukanatani, pulogalamu ya nyama zakutchire kapena mpikisano wa mafunso wa ana asukulu ukaonera ndi kholo umasanduka phunziro, ndipo kwa ana okulirapowa kumva Chingerezi cha pa TV kumathandizadi.

Konzekani kuti sabata yoyamba kukhala kulira, kunyanyala, kuzungulirazungulira m'nyumba nkumati tilibe chochita. Musagonje ndipo musathamangire kuwapezera chochita mphindi iliyonse. Mukumbukira 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira magetsi nkumathima maola ambirimbiri? Inali nthawi yowawa, mabizinesi anavutika, koma m'makwalala ana anadzaza, mpira wachikulunga unabwerera, atsikana anali pa fulaye ndi jingo mpaka mdima. Palibe anawaphunzitsa, kunyong'onyeka kunawatulutsa panja. Ana a zaka 5 kupita mtsogolo amafunika ola limodzi patsiku lothamanga mpaka thukuta, ndipo kusewera panja padzuwa kumathandizanso maso kuti asayambe msanga vuto losaona patali. Ndikudziwa kuti mtauni timaopa magalimoto ndi anthu osawadziwa ndiye timatseka geti, koma mutha kugwirizana ndi mabanja awiri atatu oyandikana kuti ana azisewera mumpanda umodzi mosinthana.

Zina zimafuna kuti wamkulu ayambitse. Bawo ndi masamu enieni, kuwerenga njere ndi kuganizira patsogolo, ndipo ngati bambo amaitha aphunzitse mnyamatayo, tsiku lomwe mwana adzawadye koyamba simudzaiwala phokoso lake. Phada agogo amaidziwa, nthano ndi ndagi nazonso, mudzadabwa kuti wa zaka 7 yemwe amadziwa mayina a makatuni onse sadziwa kuyankha kuti tilitonse. Waya wakale ndi zitsekerero za mabotolo zimapanga galimoto, nkhunda ziwiri kapena akalulu zimapatsa mwana chinthu chodzukira m'mawa, kwaya ya ana kutchalitchi ilipo, ndipo ku City Centre kuli laibulale ya National Library Service komwe Loweruka lina mutha kupita nawo akaone mabuku omwe si a sukulu. Musagule zonse nthawi imodzi, onani chomwe mwana aliyense wakokekera nacho mumuthandize pa chimenecho.

Inunso mayi ndikufunseni mwachikondi, TV ikazima foni yanu imakhala kuti? Chifukwa ana amaona. Mukazimitsa katuni yawo inu nkukhala pa sofa pomwepo mukuseka za pa TikTok ndi magulu a WhatsApp, kwa iwo lamulolo ndi lopondereza basi, ndipo wa sitandade 8 uja adzakuuzani pamaso tsiku lina. Kafoni komweko musamampatse wamng'onoyo kuti atonthole mu minibasi kapena kutchalitchi, sikirini ndi sikirini, yaing'onoyo imavuta kuilanda kuposa yaikulu.

Pali njira ina yomwe mabanja ambiri amathamangira nkhondo ya rimoti ikakula, kugula TV yachiwiri nkuika kuchipinda kwa ana kapena kwa agogo kuti aliyense aziona zake. Imeneyo ndikukanizani kwamtuwagalu. Phokoso pabalaza lithadi, koma ndiye kuti mwana aziona zomwe akufuna mpaka nthawi yomwe akufuna chitseko chili chotseka, tulo tija tatha, ndipo kuichotsamo pambuyo pake ndi ntchito yaikulu kuposa yomwe muli nayo panoyi. Ngati pali ndalama yoti ikanagula TV ina, gulani tebulo laling'ono ndi nyali ya sola yoti mnyamatayo aziwerengera magetsi akathima, yotsalayo mulipire thiransipoti yopita ndi wamng'onoyo kukayezetsa makutu sabata ino.